Kufufuza makobiri akale m'mapaki a ku Britain: mafunso ndi mayankho

Ku Britain kuli anthu ambiri amene Loweruka ndi Lamulungu amayenda pang'onopang'ono pa kapinga, mahedifoni ali kumakutu, akuyendetsa makina ofufuzira zitsulo za pansi pa nthaka. Ozolowera amapita kuminda ya alimi, koma woyamba kumene maso ake amathamangira ku paki yoyandikana ndi nyumba. Mayankho ali m'munsiwa ndi a munthu woteroyo. Malamulo amene tikutchula ndi a ku England ndi Wales, kupatula pamene tanena dziko lina.

Paki ndi ya aliyense. Chilolezo n'chachiyaninso?

Paki ndi yotsegukira aliyense, koma nthaka yake ili ndi mwini, ndipo kawirikawiri mwiniyo ndi khonsolo ya deralo. Kuloledwa kulowa, kukhala pa benchi kapena kumenya mpira sikupereka ufulu wokumba. Chimene chili pansi pa nthaka ndi cha mwini nthakayo, ndipo kuchitenga iye osavomera kungakhale mlandu wakuba.

Nkhani yotereyi inafikapo kukhoti. Bambo wina dzina lake Fletcher anafukula chomangira zovala chagolide chamakedzana ku Farnham Park m'chigawo cha Surrey, chili pansi mainchesi 9, omwe ndi masentimita pafupifupi 23. Khonsolo ya Waverley inati chinthucho ndi chake. Mu 1995 khoti la apilo linagamula mokomera khonsoloyo. Linati chinthu chokwiririka n'cha mwini malo, ndipo kufufuza ndi kukumba sizili m'gulu la zosangalatsa zimene anthu analoledwa kuchita m'pakimo.

Makhonsolo amasiyana. Ena amaletsa kotheratu. Ena amapereka chilolezo, mwina cholipira, chonena mbali za paki zololedwa ndi kuya kumene mungakumbe. Ena alibe ndondomeko yolembedwa, ndipo apa m'pamene ambiri amadzinamiza kuti poti palibe chikwangwani choletsa ndiye kuti n'zololedwa. Safunsa anadya phula. Lemberani ofesi ya khonsolo yoyang'anira mapaki. M'kalatamo tchulani dzina la paki, chida chimene mudzakumbire, kuya kwake, mmene mudzakwirire maenje, ndi chimene chidzachitike mukapeza chinthu chamtengo wapatali. Makhonsolo ambiri olola amafuna umboni wa inshuwalansi, ndipo njira yapafupi yoipezera ndiyo kulowa bungwe la National Council for Metal Detecting. Yankho likhale lolembedwa, ndipo muziyenda nalo. Mawu a pakamwa a wotchetcha kapinga kapena mlonda si chilolezo.

Ndi malo ati amene sindiyenera n'kuyesa komwe?

Mapaki achifumu a ku London, monga Hyde Park, Regent's Park, Greenwich Park ndi Richmond Park, ali ndi malamulo awoawo oletsa makinawa popanda chilolezo cholembedwa. Bungwe la National Trust, losamalira malo ndi nyumba zakale, nalo silola pamalo ake, pokhapokha ngati ndi ntchito ya akatswiri ofukula zakale.

Oopsa kwambiri ndi malo otetezedwa otchedwa scheduled monument. Lamulo loteteza malo akale limati kugwiritsa ntchito makina pamalo oterowo popanda chilolezo cholembedwa ndi mlandu. Wopereka chilolezocho ku England ndi Historic England, ku Wales ndi Cadw. Mapaki ena ali ndi chigawo chotetezedwa m'kati mwake, mwina chitunda cha linga lakale kapena mabwinja a nyumba ya amonke, ndipo chilolezo cha khonsolo sichifika pamenepo. Mapu a malo otetezedwa ali pa intaneti. Yang'anani musanatuluke m'nyumba. Manda, zipilala zokumbukira omwalira pankhondo, mabedi a maluwa ndi mabwalo osamalidwa a cricket ndi bowling, asiyeni ngakhale chilolezo chanu chisawatchule.

Ndingayembekezere kupeza ndalama zanji?

Mapaki ambiri a m'matauni anatsegulidwa m'nthawi ya Mfumukazi Victoria. Derby Arboretum inatsegulidwa mu 1840, Victoria Park ya ku London mu 1845, Birkenhead Park mu 1847. Choncho zambiri zimene zimatuluka ndi za kuyambira nthawi imeneyo kudza kuno: penny, halfpenny ndi farthing zamkuwa, tiki (ya ma penny atatu), sixpence, sheleni, florin ndi half crown. Zonsezi ndi za kawerengedwe kakale komwe ma penny 12 ankapanga sheleni imodzi ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Kawerengedwe kameneka kanatha pa 15 February 1971.

Penny yamkuwa imene inayamba mu 1860 ndiyo mudzakumane nayo kwambiri. Ndi yaikulu, mamilimita pafupifupi 31, yolemera magalamu 9.4, ndipo makina amaimva bwino. Tiki yachikasu ya makona 12 inayamba mu 1937. Kumene paki inamangidwa pa munda kapena bwalo lakale la msika, mutha kupeza ndalama zakopa za mafumu otchedwa George, kuphatikizapo penny yochindikala ya 1797 yolemera magalamu 28. Ndalama zopyapyala zosula ndi nyundo, zomwe zinaleka kupangidwa mu 1662, ndi za Aroma zimapezeka mwa apo ndi apo m'mapaki. Kwawo kwenikweni ndi kuminda yolimidwa.

Tinene mosabisa: zambiri mwa ndalamazi zilibe mtengo kumsika. Penny ya George V yodyeka ndi nthaka palibe angaigule ndalama zooneka. Wogula makina pofuna kulemera adzakhumudwa. Phindu lake ndi kudziwa kuti pamalo pano pankasonkhana anthu, m'zaka ziti, ndipo m'matumba mwawo munkakhala chiyani.

Ndidziwa bwanji kuti ndalama ndi yasiliva?

Chaka chimanena. Ndalama zoyera za ku Britain zofika 1919 zili ndi siliva 92.5 peresenti. Za 1920 mpaka 1946 zili ndi 50 peresenti. Kuyambira 1947 mulibe siliva, ndi kopa wosakaniza ndi nikelo. Nthaka nayo imathandiza: siliva wabwino amatuluka woyera kapena wotuwa chakuda koma zilembo zili gwa, pomwe ndalama ya kopa ndi nikelo imatuluka yofiirira ndi yokhakhala ngakhale ndi ya posachedwa.

Ngati mwafukula 1p kapena 2p yotupa ndi dzimbiri, musadabwe. Kuyambira 1992 ndalamazi zimapangidwa ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi kopa, ndipo zimagwira maginito. Zimaola msanga kuposa za nthawi ya Victoria.

Ndigule makina otani?

M'paki mumafunika makina a mtundu wa VLF, chifukwa amatha kusiyanitsa zitsulo. A mtundu wa pulse induction amafika pansi kwambiri koma sasiyanitsa bwino msomali ndi ndalama, ndiye m'paki mudzangokumba zinyalala. Makampani odziwika ndi Minelab, Garrett, XP ndi Nokta, ndipo makina awo oyambira monga Vanquish, Ace ndi Simplex ndi okwanira. Onetsetsani kuti ali ndi manambala osonyeza mtundu wa chitsulo ndi malipenga osiyana kamvekedwe.

Ndalama yotsala igulireni zinthu ziwiri. Choyamba ndi pinpointer, kachipangizo ka m'manja kolozera pamene chinthu chili m'dzenje; popanda iko dzenje limakula kawiri. Chachiwiri ndi koyilo yaing'ono ya masentimita 15; koyilo ndi mbale ya kumunsi kwa makina imene imayenda pamwamba pa nthaka. Koyilo imene imabwera ndi makina, ya masentimita 25 mpaka 28, imaphimba zitsulo zitatu kapena zinayi nthawi imodzi pamalo azinyalala, ndipo makina amasokonezeka. Yaing'ono siifika pansi kwambiri, koma imatola ndalama imene yagona pambali pa msomali. M'paki kusiyanitsa kumaposa kuya.

Zina ndi kafosholo kolimba ka m'manja, magolovesi, mahedifoni, kansalu koikapo dothi, ndi thumba la zigawo ziwiri, china cha zopeza, china cha zinyalala. Pa zida zokumbira zooneka ngati mpeni samalani: lamulo limaletsa kuyenda ndi mpeni pagulu popanda chifukwa chomveka, kupatula wopinda wosakhoma umene tsamba lake silipitirira mainchesi 3. Chidacho chizikhala m'chikwama popita ndi pobwera.

Manambala a pa makina amatanthauzanji?

M'koyilo muli mawaya awiri okulunga. Wina amatumiza mphamvu ya maginito pansi. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo imautsa timagetsi m'chitsulomo, ndipo waya wachiwiri amamva yankho lake. Yankholo limachedwa mosiyana malinga ndi mmene chitsulocho chimadutsitsira magetsi, kukula kwake ndi kuchindikala kwake. Kuchedwako ndiko makina amasandutsa nambala. Misomali imagwera pansi penipeni, pepala la aluminiyamu pamwamba pake pang'ono, totsegulira zitini za zakumwa pakati, kopa ndi siliva wamkulu pamwamba.

Nambala si dzina la chinthu. Makina a Garrett amawerenga kuyambira 0 mpaka 99, a Minelab Equinox 600 ndi 800 kuyambira -9 mpaka 40, choncho nambala ya mnzanu singakuthandizeni ngati makina anu ndi ena. Kwirirani ndalama zodziwika pakhomo panu pa masentimita 5, 10 ndi 20, pamodzi ndi msomali, chotsekera botolo ndi kotsegulira chitini, ndipo phunzirani kulira kwa chilichonse. Dziwaninso kuti ndalama ikakhala pansi kwambiri, kapena ikaima chammbali m'malo mogona chafufumimba, nambala imadumphadumpha.

Cholakwa chofala ndi kukweza discrimination kuti makina asamve zinyalala. Mphete yagolide ndi tindalama tasiliva topyapyala timalira m'chigawo chomwecho cha aluminiyamu. Mukatseka chigawocho mwatsekera pamodzi zonse. Kanani misomali yokha, zinazo muziweruza ndi khutu. Chizindikiro chabwino chimalira mofanana popita ndi pobwera, ndipo mukatembenuka n'kudutsa pamalopo chopingasa chimalirabe chimodzimodzi. Chotsekera botolo chachitsulo chimanamiza ndi kulira kokwera, koma mukachidutsa ndi m'mphepete mwa koyilo chimathera ndi kaphokoso kotsika.

Makina amafika pansi bwanji?

Pa chinthu cha kukula ngati ndalama, m'nthaka yabwino, yembekezerani masentimita 15 mpaka 25. Nthaka yachinyezi imathandiza, youma imachepetsa. Zolemba za amalonda zonena za mita imodzi zimanena za chinthu chachikulu ngati ndowa.

Koyilo ndiziyendetsa motani?

Ikhale pafupi ndi kapinga, sentimita imodzi kapena ziwiri, ndipo ikhale yogona bwino kuyambira kumanzere mpaka kumanja, monga tsache la wosesa pabwalo limene silinyamuka kumapeto. Sentimita iliyonse imene koyilo yakwera m'mwamba ndi sentimita yotayika pansi. Ulendo umodzi wa koyilo utenge masekondi awiri kapena atatu, ndipo wotsatira uphimbe theka la woyambawo. Sankhani kachigawo ka mamita 10 m'litali ndi m'lifupi, kayendeni m'mizere, kenaka bwerezani mopingasa. Ndalama yobisika ndi msomali kumbali ina imamveka kumbali inayo. Woyendayenda paki yonse tsiku limodzi amabwerako ndi ndalama za dzulo zokhazokha.

M'paki yaikulu ndiyambire pati?

Yambirani pa mapu, osati pa kapinga. National Library of Scotland inaika pa intaneti mapu akale a Ordnance Survey, a ku England ndi Wales omwe, ndipo mutha kuika akale pambali pa chithunzi cha lero. Funani pamene panali nsanja ya oimba bandi, zipata zakale, njira zimene zinafafanizika, malo ogulitsira tiyi, gombe la dziwe lopalasa mabwato, ndi bwalo limene kunkafikira zionetsero zoyendayenda. Ndalama zimagwa pamene anthu ankapisa m'thumba kapena kukhala pansi: pamtsetse woyang'ana nsanja ya bandi, m'mphepete mwa bwalo la masewero, pamthunzi wa mitengo ikuluikulu. Pafupi ndi mtengo musadule mizu.

Pali chinthu chimene chimagwetsa ulesi ambiri osadziwa chifukwa chake. Mapaki ena anathiridwa dothi lochokera kwina. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mapaki ambiri analimidwa ndiwo zamasamba, ena anakumbidwa maenje obisalamo, ndipo malo ngati Hackney Marshes ku London anakwezedwa ndi zigumuka za nyumba zophulitsidwa ndi mabomba. Pamalo otero nthaka ya nthawi ya Victoria ili pansi pomwe makina sangafike. Mukaona zidutswa za njerwa, phulusa la malasha ndi zitini zamakono pa masentimita 20, samukirani pena.

Ndikumbe bwanji kuti kapinga asafe?

Funso ili ndilo lalikulu kuposa onse. Mapaki ambiri amene anatsekedwa kwa ofufuza anatsekedwa chifukwa cha maenje osiyidwa pululu ndi zigamba za kapinga wouma. Munthu mmodzi wosasamala amatsekera anzake onse.

Musanakumbe, pezani pakati penipeni pa chizindikiro podutsa mbali ziwiri zopingasana. Yesani ndi pinpointer pamwamba pa kapinga. Ikalira, chinthucho chili pafupi, masentimita 5 kapena kucheperapo; ng'ambani kamzere kakang'ono, chitulutseni, n'kutsina kapinga kuti atsekeke. Palibe chifukwa cha dzenje.

Chikakhala pansi, dulani kapinga mbali zitatu mozungulira, m'lifupi masentimita 12 mpaka 15, mbali yachinayi muisiye yolumikizika kuti mizu ipitirize kumwa madzi. Kafosholo kalowe choongoka masentimita 10 kapena kuposa. Chibuma chopyapyala chimadula mizu ndipo chimauma, komanso makina otchetchera amachizula. Pindirani chibumacho kumbali yolumikizikayo. Dothi lina lililonse lotuluka liikeni pa kansalu, osati pa kapinga. Kumbani m'mbali mwa chinthucho, osati pamwamba pake, chifukwa kukanda kumodzi kwa kafosholo pankhope ya ndalama sikufafanizika.

Mukachitulutsa, dutsitsaninso makina padzenjepo, poti kumene kunagwa imodzi nthawi zina kunagwa zingapo. Bwezerani dothi, tsekani chibuma, pondani ndi phazi m'mphepete monse, n'kupesa kapinga ndi zala. Zinyalala zimene mwafukula zipite nanu. M'miyezi yotentha nthaka ikauma gwa musakumbe konse, chifukwa chibuma chodulidwa nthawi imeneyo chimafa ngakhale mutachidula mwaluso. Nyengo yabwino ndi pamene mvula yafewetsa nthaka koma sipanachite matope.

Makina akungolira paliponse. Chavuta n'chiyani?

Kwezani koyilo m'mwamba. Ngati akulirabe, akusokonezedwa ndi mawaya amagetsi, foni ya m'thumba kapena makina a mnzanu. Dinani batani la noise cancel, talikiranani, ndipo tsitsani sensitivity, yomwe ndi mphamvu ya makina yomvera. Ngati amalira pokhapokha koyilo ikayandikira pansi, vuto ndi mchere wa m'nthaka: chitani ground balance pamalo opanda chitsulo, mukukweza ndi kutsitsa koyilo mpaka phokoso litatha. Akamalira koyilo ikagunda udzu, onani waya ngati wamasuka, ndipo tsukani dothi lolowa m'chivindikiro cha pansi pa koyilo. Nsapato zokhala ndi chitsulo kutsogolo nazo zimaliza makina pa sitepe iliyonse. Makala a malasha opsa, omwe ndi ambiri m'mapaki a m'matauni a mafakitale, amalira ngati chitsulo koma m'dzenje mumangopeza kamwala kakuda kopepuka.

Pali zoopsa zanji?

Majakisoni otayidwa, magalasi ndi zitini zodulidwa ndi makina otchetchera. Musapise m'dzenje ndi dzanja lopanda golovesi. Chizindikiro chachitali chopita mumzere ndi paipi kapena waya wamagetsi, chisiyeni. Mukaona chinthu chooneka ngati bomba kapena zipolopolo zosaphulika, musachigwedeze, chokanipo, chenjezani ena, imbani 999. Mukapeza mafupa ooneka ngati a munthu, lekani kukumba ndipo dziwitsani apolisi.

Ndi liti pamene ndiyenera kukanena zimene ndapeza?

Lamulo la Treasure Act la 1996 limatchula zinthu zoyenera kunenedwa kwa coroner wa deralo, mkulu wa zamalamulo wogamula ngati chopezekacho chikugwa pansi pa lamuloli, pasanathe masiku 14 kuchokera pamene mwazipeza kapena mwazindikira chimene zili. Pa ndalama, ndi izi: ziwiri kapena kuposa zopezeka pamodzi, za zaka zosachepera 300, zokhala ndi golide kapena siliva wosachepera 10 peresenti, kapena khumi ndi kuposa zopezeka pamodzi, za zaka zomwezo, ngati zili za mkuwa ndi zitsulo zina. Chinthu chimene si ndalama, monga mphete, chimalowa ngakhale chili chimodzi ngati chakwanitsa zaka 300 ndi 10 peresenti ija. Kuyambira July 2023 anawonjezera gulu lina: chinthu chachitsulo chopitirira zaka 200 chimene chili chofunika mwapadera pa mbiri ya dziko. Kusanena ndi mlandu wa chindapusa kapena ndende mpaka miyezi itatu, ndipo kubisa n'kugulitsa kumafika pa mlandu wakuba. Mu 2019 amuna awiri anamangidwa zaka zambiri chifukwa chobisa chuma cha nthawi ya ma Viking chimene anachipeza pafupi ndi Leominster mu 2015.

Njira yosavuta ndiyo kupita kwa Finds Liaison Officer wa dera lanu, wogwira ntchito pansi pa Portable Antiquities Scheme imene imayendetsedwa ndi British Museum. Iyeyu amathandiza kudziwitsa coroner, ndipo amalemba m'kaundula zinthu zina zakale, makamaka zopitirira zaka 300, ngakhale lamulo lisakukakamizeni. Nyumba yosungira zakale ikafuna chinthucho, komiti imaika mtengo ndipo mphotho kawirikawiri imagawidwa pakati pa wopeza ndi mwini malo. Wofufuza popanda chilolezo mphotho yake itha kuchepetsedwa kapena kukanidwa.

Mukaona ndalama zambiri pamodzi kapena mphika, lekani kukumba pomwepo. Chuma cha ku Frome m'chigawo cha Somerset, ndalama za Aroma 52,503 mumphika umodzi, chinapezeka mu 2010. Wochipeza anaima n'kuitana akatswiri, ndipo iwo anatulutsa ndalamazo mwa magawo, n'kudziwa mmene zinaikidwira. Akanazikokolola yekha, zimenezo zikanatayika.

Ku Scotland n'kosiyana: chakale chilichonse, kaya n'chachitsulo chanji, chiyenera kunenedwa ku Treasure Trove Unit ku Edinburgh. Ku Northern Ireland kukumba pofuna zakale kumafuna laisensi.

Nanga mphete, foni kapena makiyi a masiku ano?

Zili ndi eni ake. Kaperekeni ku ofesi ya paki kapena ya khonsolo, ndipo sungani umboni woti munapereka.

Ndalama ndiitsuke ndi chiyani?

M'paki musaipukute ndi chala. Mchenga umene uli m'dothilo umakanda siliva nthawi yomweyo. Ikeni iliyonse m'kathumba kake, n'kulemba malo. Nambala ya National Grid, yolozera malo pa mapu a ku Britain, ikakhala ya manambala 6 imaloza chigawo cha mamita 100, ya 8 mamita 10, ya 10 mita imodzi. Foni imatha kukupatsani.

Kunyumba, yasiliva iviikeni m'madzi oyera kuti dothi lichoke lokha, itsukuluzeni, n'kuiumitsa poigunditsa pa nsalu yofewa osapukuta. Yamkuwa ndi yovuta. Khungu lobiriwira losalala limene lili pamwamba ndilo lasunga zilembo, ndipo pansi pake chitsulo chinadyeka. Mukalichotsa mwachotsa nkhope ya mfumu ndi chaka chomwe. Isiyeni iume, kenaka chotsani dothi pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano. Viniga, mandimu, zakumwa zagasi, mankhwala owalitsira zitsulo ndi burashi yawaya zimawononga kosabwezeka. Mafuta ophikira amadetsa ndalama ndipo savuta kulowa koma amavuta kutuluka. Chimene mukuganiza kuti n'chosowa kapena chogwa pansi pa lamulo lija musachitsuke n'komwe.

Ufa wobiriwira mowala wotuluka pa mkuwa ndi matenda obwera ndi mchere ndi chinyezi, ndipo amapitirira kudya. Ndalama yoteroyo ipatuleni, iikeni m'kabokosi kotseka bwino kokhala ndi silica gel, timibulu toyamwa chinyezi. Posunga pewani mapulasitiki ofewa a PVC, chifukwa amatulutsa utomoni wobiriwira pa ndalama. Timaenvelopu ta pepala lopanda asidi ndi tabwino.

Ndikapita nawo makinawa kumudzi, malamulo ndi omwewa?

Ayi. Ku Malawi zakale zimatetezedwa ndi Monuments and Relics Act, ndipo kufukula zakale kumafuna chilolezo cha boma kudzera ku nthambi yoona za malo ndi zinthu zakale. Kuwonjezera apo pamafunika kuvomera kwa mwini malo, kaya ndi khonsolo, mpingo, esiteti kapena amfumu. Kumanda ndi kumalo a miyambo n'kosayandikira. Ku South Africa lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limaletsa kubweretsa makina ofufuzira zitsulo pamalo a zakale popanda chilolezo, ndipo zotsalira zopitirira zaka 100 zimawerengedwa m'gulu limenelo.

Ndalama zake nazo ndi zina. Kupatula za ku Britain zimene zinkayenda m'nthawi ya Nyasaland, kunali za Southern Rhodesia, ndi za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland zoyambira 1955, zomwe penny ndi halfpenny zake zinali zobooka pakati. Mu 1964 kunabwera sixpence, sheleni, florin ndi half crown za Malawi, ndipo kwacha ndi tambala zinalowa mu 1971. Dothi lofiira la kwathu lili ndi mchere wachitsulo wambiri, choncho makina opanda ground balance yosinthika amavutika, ndipo kuya kumene amafika kumachepa poyerekeza ndi pa kapinga wa ku England.